Amene ankawerenga zolemba zathu

Mng'ono wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga amayi akudzuka bwanji masiku ano? Chizungulire chija chimawagwira akamwa mapiritsi oyera chinaleka? Ine kuno ndili bwino, kungoti zala zasupuka ndi nthunzi ya simbi. Hotela yadzaza alendo, ndipo nsalu zapabedi zikutsikira kuchipinda chathu chochapira ngati sizidzatha.

Usadabwe kuti ndalemba papepala pamene tonse tili ndi mafoni. Masabata atatu apitawa foni ndimaiyang'ana ndi diso limodzi, ndipo ukafika kumapeto umvetsa chifukwa chake.

Ukukumbukira tsiku lija amayi anatiuza za chotupa cha m'bere, anatilumbiritsa kuti nkhaniyi ikhale ya atatufe basi. Azakhali anachita kuwatchula, poti tonse tikudziwa kuti nkhani ikalowa m'khutu mwawo m'mawa, pofika masana imakhala ili pampopi. Ndiye iwe ndi ine tinayamba kulemba zonse m'pulogalamu yolembamo ija inabwera kale ndi foni, pa akaunti yanga: masiku a kuchipatala, mankhwala, zonena adokotala. Iwe kulemba uko, ine kuwerenga kuno.

Utandiuza kuti azakhali anatulukira pakhomo tsiku lenileni la kuchipatala, ambulera m'manja, ati akuperekezeni, ndinadziwa kuti nkhani yathu yatuluka. Chinandipweteka kwambiri ndi chakuti amayi akuganiza kuti waulula ndiwe, moti tsopano amalowa okha kwa adokotala, iwe n'kutsala pabenchi panja. Iwe amene umawasambitsa akafooka. Ndinalira ndikusita, mnzanga n'kumayesa ndapsa.

Ndinayamba kukayikira aliyense. Ndinakayikira anamwino. Ndinakayikira alamu, undikhululukire, chifukwa foni yako amaigwira ngati yawo. Kenako ndinakayikira eni pulogalamuyo, pakuti chinthu chopatsidwa ulere ndi anthu osawadziwa chimandisowetsa mtendere. Amadya chiyani anthu amenewo ngati sakudya zathu?

Kuntchito kuno kumabwera bambo wina wokonza makompyuta. Timawatcha a Zingwe chifukwa matumba awo onse amalendewera mawaya. Nditawadandaulira, osatchula matenda, anandionetsa pulogalamu ina. Anati imeneyi mapangidwe ake onse ali poyera, aliyense wodziwa za makompyuta akhoza kusuzumira mkati n'kuona ngati ikuba. Anatinso zolemba zimatsekedwa zisanachoke m'foni, moti ngakhale oipangawo sangawerenge.

Ndinawafunsa kuti iwo apindulapo chiyani. Anaseka, ati palibe. Ndinawafunsa ngati iwowo anasuzumirapo mkatimo, ndipo anavomera kuti ayi, koma ena ambiri anatero. Ndinawauza kuti ena ambiri sindiwadziwa. Ndiye ndinawayesa. Ndinalemba m'menemo kuti a Zingwe malaya awo sachita kusita, ndinatseka, n'kuwapatsa foni kuti atsegule. Analimbana nayo nthawi yonse yopuma, tiyi mpaka kuzizira, koma sanaone kanthu. Mwina anachita dala, sindikudziwa, koma thukuta linali lenileni.

Za mtengo ndinafunsitsa. Ukamalemba pafoni imodzi ndi yaulere. Kuti zolemba zanga zizifika kwa iwe, pamafunika kulipira mwezi ndi mwezi, ndalama yonga ya basi ya masiku awiri. Chodabwitsa n'chakuti zimenezi ndiye zinandikhazika mtima pansi, chifukwa tsopano ndikudziwa chimene amadya. Ndiziyenda wapansi masiku awiriwo, miyendo ndili nayo. Mtengo wina ndi woopsa kuposa ndalama: tikaiwala mawu otsegulira, palibe ofesi yokadandaulako, zonse zapita. Ndinaganiza masiku anayi, kenako ndinavomera.

Tsopano imva zimene zandilembetsa kalatayi. Posamutsa zolemba, a Zingwe anatsegula pamene pamaonetsa mafoni onse olowa mu akaunti yanga yakale. Anali atatu. Yanga, yako, ndi ina. Ndinadumpha, ndikuti wakuba uja tamugwira. Iwo anawerenga mtundu wa foniyo pang'onopang'ono, n'kundifunsa ngati sindinakhalepo nayo yotero.

Mng'ono wanga, ndi foni yanga yakale ija yong'aluka pakona. Ndinawapatsa azakhali ndi manja angawa nditabwera kutchuthi chaka chatha. Ndinakhala pakhonde n'kufufuta zithunzi chimodzichimodzi, manambala onse, mauthenga onse, ndikudziona wochenjera. Akaunti sindinaichotse. Sindinkadziwa n'komwe kuti imachotsedwa. Chilichonse unkalemba iwe chinkafika kwa ine, n'kufikanso m'chikwama cha azakhali.

A Zingwe anaitulutsa foniyo mu akaunti pomwepo, ndipo ndinawathokoza chifukwa chosandiseka. Ine amene ndinakayikira anamwino, alamu ndi anthu akutali osawadziwa, chitseko ndinasiya chotsegula ndine.

Lamlungu ndinawaimbira azakhali. Sanakane. Anati zolembazo zinkangobwera zokha, ndipo akhala akuwerenga kuyambira tsiku loyamba, miyezi isanu tsopano. Ati sanauze munthu, ngakhale amuna awo. Tsiku lija anabwera chifukwa anawerenga zimene unalemba, kuti ulendo wapitawo amayi anakomoka pokwera basi ndipo unalephera kuwadzutsa wekha. Anati anayesetsa kukhala pansi koma miyendo inakana.

Kaya ndiwakhulupirire, sindikudziwa. Azakhali kusunga nkhani miyezi isanu, ndi chinthu chimene sindinachionepo chibadwire. Uzitchera khutu. Ukaona oyandikana nawo ayamba kupatsa amayi moni wachisoni, kapena kubwera ndi zipatso popanda chifukwa, undiuze. Koma pomaliza azakhaliwo anandifunsa kuti tsopano poti zolemba zazimiririka, adziwa bwanji tsiku lotsatira la kuchipatala. Ndinawayankha kuti zimenezo mwini wake ndi amayi.

Pulogalamu yatsopanoyo ndidzakuthandiza kuika tikamalankhula pafoni. Mawu otsegulira ndidzakuuza pakamwa, uwasunge m'mutu. Usawalembe kuseri kwa kalendala monga umachitira ndi zina zonse, pakuti kalendala ija aliyense wolowa m'nyumba amaitembenuza.

Pempho langa ndi limodzi. Uwawerengere amayi kalatayi, yonse. Ndinayesa kuwaimbira kawiri kuti ndinene ndekha, koma ndikangomva mawu awo ndimayamba kufunsa za nyengo. Ndikudziwa khalidwe lako, udzafuna kunditchinjiriza monga unkachitira tili ana ndikaswa mbale. Ulendo uno usatero. Wakhala pabenchi panja masabata atatu chifukwa cha kulakwa kwanga, ndipo amayi akumva mawu a adokotala okhaokha, popanda wowagwira dzanja.

Upereke moni kwa alamu, uwauze kuti ndinawaganizira zoipa ndipo ndachita manyazi. Moni kwa ana onse, kwa achimwene ndi akazi awo, ndi kwa azakhali ukawaona.

Amayi, ngati mukumva mawu awa, ndiye kuti mng'ono wanga sanadumphe ndime ya foni yong'aluka. Mundikalipire ine mmene mungafunire. Koma Lachinayi kuchipatala adokotala akadzakuitanani, mulowe naye.

Ndine mkulu wako amene amakukonda,
wochenjera uja.