Amayi Atentha Fisi wa Chanda

Ba Mutale, akulu anga,

Muli bwanji ku Solwezi? Kuno ku komboni ya George tili bwino, koma ine ndalema.

Pa masewera athu aja a nthano ndi madayisi, tinatha milungu itatu tikupanga dziko latsopano, ankhondo ndi nyama zokwera. Mnzathu Chanda anasankha fisi. Loweruka amayi akusesa anapeza pepala lolembedwa kuti, "Chanda amakwera fisi." Sanafunse. Anaitana abusa, mapepala onse anapsa pambaula, pamodzi ndi pepala la wankhondo wanu amene ndinakusungirani chichokereni inu.

Amayi ndawafotokozera mpaka mawu kutha. Chonde muwaimbire foni, inu amakumverani.

Pakali pano avomereza bulu yekha, poti ali m'Baibulo. Ankhondo asanu, onse pabulu.

Mulungu akusungeni.

Mng'ono wanu,
Bwalya