Dzina la Mayi Ng'oma Ndilo Limazimitsa

Bambo a Chisomo,

Musavutike kusaka foni yanu, ndatenga ine. Pepani. Pulogalamu ija ndinapangira amayi ogulitsa usipa yakhala ikungozima yokha, ndipo amayi a ku Khombedza anena kuti ikazimanso lero aichotsa m'mafoni mwawo.

M'mawa uno ndapeza vuto. Ikakumana ndi dzina ngati la mayi Ng'oma, kachizindikiro ka pakati pa g ndi o kaja kamaisokoneza, basi n'kukomoka pompo! Ndakonza, koma ndikufuna ndikaiyese iwo akuona. Foni yanuyi ndi nkhalamba ngati zawo, ndiye ikakayenda pamenepa, yachira ndithu.

Chisomo mukamutenge kusukulu, kiyi musiye kwa aneba athu a Masiye. Mtima ukundiuza kuti lero zitheka. Zikatheka, yembekezani chambo, koma wophika ndinu.

Ndine,
Amake Chisomo