Amalume Asudzula Atate

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Kuno chaka chino chisanu chinafika msanga. Mbatatesi ya kudimba tinakumba, koma theka inawola. Mbuzi yanu yamawanga inaswa ana awiri, mmodzi anafa.

Alongo anu, amalume a Fidelisi, anabwera kummeto wanu. Inu munkawanyadira. Munkandifotokozera mmene munkawanyamulira ufa pamutu akuphunzira ku Fonte Boa, ndi mmene anakhalira advogadu, woimira anthu pamilandu, ku Tete, kuteteza minda ya m'midzi kuti isagulitsidwe. Anthu anawasankha kukhala deputadu, phungu wathu, chifukwa cha mawu awo aja, oti mwambo susuntha. Ku Asembleya, nyumba ya malamulo ya ku Maputo, aliyense akafuna kusintha malamulo a banja, woyamba kuimirira ndi iwo. Ndimawamva pawailesi. Sanasinthe, Amayi. Amachita zimene amanena.

Titametedwa, anakhazika anthu pansi monga mwini mbumba, nasudzula atate. Anayankhula mwaulemu. Anati mkamwini wagwira ntchito yake, abwerere kwawo ku Dedza ali mfulu. Atate anagwada. Anapempha kuti akhalebe pano mpaka nditsirize maphunziro kushikola ya ku Ulongwe, kapena anditenge. Ine ndinali kuseri kwa nkhokwe, ndinamva zonse.

Amalume anati, "Alamu, mwana ngwa kuchikazi. Ndikaphwanya mwambo pakhomo pa mlongo wanga, ku Asembleya ndikayankhula ndi pakamwa pati?"

Ndinaganiza kuti ndiye anditenga iwowo. Ndinachapa ngakhale malaya. Koma mmawa anandigwira paphewa nati munda wa mbumba sukhala wopanda munthu, ndipo munthuyo ndi ine. Galimoto yawo inanyamuka. Inu munkati mwana amene ali ndi malume sagona yekha. Mundikhululukire, ndikugona ndekha.

Atate ndinawaperekeza mpaka ku Kalomwe, katundu wawo ali panjinga. Khasu anasiya, akuti ndi la munda uno. Njira yonse ankandiphunzitsa kaperekedwe ka mankhwala ambuzi, ngati kuti sindidziwa. Pamalire anandipatsa njingayo, nasenza thumba, nalowa pakati pa malole. Ndinayembekeza kuti acheuka.

Tsopano yafika nthawi yopanga mizere, ndipo mayeso ayandikira. Sabata yatha m'kalasi sindinapondemo. Palibe amene wabwera kudzafunsa.

Ndimakukondani, Amayi. Munda wanu ndilima, nyumba yanu sindiisiya. Izi ndalonjeza. Za shikola musandifunse.

Ine mwana wanu,
Tomasi