Kwa miyezi 22 ndakhala ndikuyankha anzawo a kukoleji m'dzina la amuna anga

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 64, mphunzitsi wopuma ntchito, ndimakhala chakufupi ndi Santhe kuno ku Kasungu. Zimene ndikuuzeni pano sindinauzepo ngakhale abusa athu, choncho mundipirire ndikatalikitsa.

Amuna anga, a Lameki, anali alangizi a zaulimi kwa zaka makumi atatu. Anamaliza koleji mu 1983, m'kalasi ya anthu 31, ndipo ntchito inawamwaza, ena ku Karonga, ena ku Nsanje. Chimene chinadzawasonkhanitsanso ndi maliro. Mnzawo wina anamwalira ku Ntchisi, iwo n'kudzamva patatha miyezi isanu, pamanda patamera kale udzu. Zinawapweteka kwambiri. Ndiye anatsegula gulu pa Watsapu n'kupangana kuti pa 1 mwezi uliwonse a Patuma, amene anali mtsogoleri wa kalasi yawo, aziitana maina monga ankachitira kukoleji, aliyense n'kuyankha. Amene sanayankhe pofika madzulo amamuimbira foni, ndipo akapanda kuyankhanso amatuma mnzawo wapafupi kuti akamuone. Pano atsala 17.

A Lameki ankalikonda gululi kuposa tiyi wawo wammawa. Nkhani ikakhala ya mvula, ya mbozi m'chimanga kapena ya mmene fodya wayendera ku okushoni, onse ankadikira iwo. Anali ndi mutu bambo amenewa. Tsamba la fodya akaligwira ndi zala ziwiri ankakuuza dothi limene lachokera, n'kukuuzanso ulesi wa mwini munda.

Zaka zitatu zapitazo anayamba kuiwala. Poyamba tinkaseka, monga tsiku limene makiyi a njinga yamoto tinawapeza m'chitini cha shuga. Kuseka kunatha atasochera pochokera kumsika wa Santhe, njira imene ayendamo theka la moyo wawo. Kuchipatala anatiuza kuti ndi matenda a mu ubongo amene amagwira achikulire ena, ndipo sachira, amangopitirira. Tikudikira minibasi yobwerera, anandigwira dzanja n'kunena kuti, “Anaphiri, anzanga a kukoleji asadzandione nditasanduka chitsiru. Mundilonjeze.” Ndinalonjeza, Aphungu. Munthu wakugwira dzanja choncho ungamukanire bwanji?

Foni itayamba kuwasokoneza ndinaitenga ine. Mwezi woyamba ndinangolemba liwu limodzi, kuti a Patuma asatume munthu. Koma anthu aja sasiyira pomwepo. Wina amafunsa ngati mvula yayamba ku Kasungu, wina akufuna mankhwala a chiswe, wina akumbutsa za mphunzitsi amene ankagona m'kalasi. Ndinatulutsa makope awo akale, amene ankalembamo mvula ndi malangizo tsiku ndi tsiku, n'kumayankha kuchokera mmenemo. Nthabwala zawo ndazimva kwa zaka makumi anayi, ndiye sizinandivute. Wina mpaka analemba kuti Lameki sakalamba. Ndinawerenga zimenezo ndikuwamanga mabatani a malaya, chifukwa anali atawavala chambuyo.

Kumudzi kunonso ndinawabisa. Kutchalitchi ndinati BP yawavuta, samafuna phokoso. Ndinakweza mpanda. Ana athu awiri akudziwa, koma wina ali ku Joni, wina ku Blantyre, ndipo amangoti, “Amayi, mukudziwa ndinu.”

Pa 1 Okutobala mmawa ndinapita kumjigo, geti nditangolimanga ndi luzi. A Lameki anavala chipewa chawo chakale cha kuntchito ndi jombo imodzi, n'kulunjika ku esiteti yoyandikana nafe. M'mutu mwawo anali adakali alangizi. Analowa mu nazale ya fodya, anagwada, n'kuyamba kuzula mbande pamene zathithikana, monga ankaphunzitsira alimi, kwinaku akuziika m'thumba ndi kuyankhula okha. Matenanti a chaka chino ndi atsopano, ochokera ku Phalombe, sanawaonepo. Anawafunsa dzina, iwo osalikumbuka. Anawafunsa kwawo, analoza kumene kulibe mudzi. Basi anthu anati nkhalambayi yabwera kudzakoka fodya wawo m'matsenga. Anawamenya ndi makeni othiririra ndi mipini ya makasu. Chikhala kuti a Zakeyo, akapitawo a pa esitetipo amene a Lameki anawaphunzitsa ulimi kalekale, sanatulukire pa njinga n'kuwagonera pamwamba kuti awatchinjirize, bwenzi lero ndili wamasiye. Nthiti ziwiri zinathyoka, khutu anachita kulisoka.

Anthu aja sindikudana nawo mmene ndimayembekezera. Chaka chawo chonse chili m'mabedi a mbande amenewo. Mayi mmodzi mwa iwo anabwera patatha sabata, anakhala pansi pageti n'kulira, n'kunena kuti, “Mayi, mukanatiuza, bwenzi titangowaperekeza.” Mawu amenewo sakundichoka.

Koma chimene chinandichititsa manyazi kwambiri ndi ichi. Tsiku lomwelo, ndili pa benchi kuchipatala, foni inalira. Anali a Patuma akuitana maina. Ndinalemba kuti, “Ndilipo anzanga, nazale zikumera bwino kuno.” Magazi awo anali asanaume pachitenje changa. Ndinadzida ndekha.

Tsopano nayi nkhani imene yandilembetsa kalatayi. A Benjamin, amene amakhala ku Balaka, ankagona chipinda chimodzi ndi a Lameki kukoleji ndipo ndiwo anaimira ukwati wathu. Akazi awo anamwalira. Kuyambira Juni akhala akulembera a Lameki kumbali, osati pagulu. Ali ndi khansa, ndipo yafika m'mafupa. Gulu silikudziwa. Akhala akuulula zinthu zimene mwamuna amauza mwamuna mnzake yekha: mantha awo, mmene thupi likuwachititsira manyazi pamaso pa apongozi, zimene amanong'oneza nazo bondo pa malemu akazi awo. Uthenga wina unati, “Iwe wekha ndi amene ndingakuuze izi. Usauze ngakhale mlamu.” Mlamuyo ndine, Aphungu, ndipo ndine ndinayankha kuti usadandaule, sindiuza munthu. Akaimba foni sindiyankha, ndimalemba kuti makutu akuvuta.

Dzana alemba kuti madokotala awauza kuti apite kunyumba, palibenso chochita. Mwana wawo awatenga pagalimoto Loweruka la sabata yamawa, abwere kuno. Akuti sakufuna zambiri, angokhala pakhonde ndi Lameki tsiku limodzi, atsanzikane ngati amuna.

A Lameki masiku ena amanditchula kuti anesi. Bambowa sadzamudziwa mnzawoyo, ndikutero ine. Ndaganiza zolemba kuti tikupita ku Blantyre kwa mwana, kuti asabwere. Ndikatero a Benjamin adzamwalira akukhulupirira kuti mnzawo anawamvera mpaka mapeto, ndipo lonjezo langa lidzakhala losasweka. Koma uthenga umenewo ndikulephera kuutumiza. Ndikawauza zoona, ndiwalanda chitonthozo chokhacho chimene ali nacho, ndipo adziwa kuti zobisika zawo zonse anawerenga ndi mkazi wa mnzawo. Ndatopa, ndili ndi mantha, ndipo sindikuona khomo. Nditani?

F.N., Santhe

Mayi F.N.,

Pepani kwambiri. Mwasenza nokha katundu wofunika anthu khumi, ndipo palibe amene angakutchuleni woipa mtima. Koma mwandilembera kuti ndikuuzeni zoona, ndiye nazi: ulendo wabodza wa ku Blantyre uja muuiwale. Muwaimbire a Benjamin.

Ndiyambe ndi lonjezo, chifukwa ndi limene lakumangani manja. Bambo anakupemphani zimenezo ali ndi mantha, atangotuluka kumene kwa dokotala. Chimene ankafuna ndi choti ulemu wawo usatayike. Tsopano taonani kumene kubisa kwawafikitsa. Munthu amene anaphunzitsa dera lonse kulima fodya wamenyedwa mu nazale ngati wakuba, chifukwa pa esiteti yonse munthu mmodzi yekha ndiye ankamudziwa. Mayi wa ku Phalombe uja wakupatsani kale malangizo oposa anga. Akulu anati ukabisa matenda maliro adzaulula, ndipo inu munatsala pang'ono kuziona ndi maso. Lonjezo munalisunga ndi mtima wonse, koma lasiya kuteteza mwini wake. Limasuleni.

Za a Benjamin, musalembe uthenga. Mwalemba zokwanira, aphunzitsi, ndipo ndikuona kuti cholembera chimakumverani mopitirira muyeso. Imbani pa foni yanu, amve mawu anu. Nenani zinthu mwadongosolo lake: a Lameki akudwala matenda oiwala kwa zaka zitatu, amene wakhala akuyankha ndinu, zonse zimene analemba munawerenga, ndipo simunauze munthu ndiponso simudzauza. Pepesani kamodzi, momveka, osadzikometsera. Kenako khalani chete. Akhoza kukwiya, akhoza kudula foni, ndipo ali ndi ufulu wotero, chifukwa anavula zovala poganiza kuti m'chipinda muli mnzawo yekha. Musawathamangire ndi mauthenga. Apatseni tsiku limodzi kapena awiri, kenako muuze mwana wawo kuti khomo lili lotsegula.

Mukuti muwalanda chitonthozo. Mwina pang'ono. Koma kumbukirani kuti mawu amene anawalimbitsa miyezi yonseyi sanagwe kumwamba. Anawalemba munthu amene amawakonda, amenenso akuona mnzake wapamtima akutha tsiku ndi tsiku. Zimenezo si zabodza. Ndipo kusankha kubwera kapena kusabwera n'kwawo. Inu mukawabweza ndi bodza mudzakhala mwawasankhira, pa ulendo umene sadzaupezanso.

Akabwera, musawayese bambo ndi mafunso akuti “mukuwadziwa awa?” Funso limenelo limangowachititsa manyazi. A Benjamin anene okha dzina lawo, akhale pambali pawo, ayambe nkhani za kukoleji. Matendawa amayamba kufufuta za dzulo, zakale zimachedwerako. Mwina dzina silibwera koma nyimbo imene ankaimba m'chipinda muja ibwera. Mwinanso sipabwera kanthu. Konzekerani zonse ziwiri, ndipo muwakonzekeretsenso alendowo.

Mukatha apo, imbirani a Patuma, muwapemphe kuti auze gulu m'malo mwanu. Za matenda a a Benjamin musatchule, si zanu. Anthu amenewa anapangana kuti mnzawo asadzavutikenso iwo osadziwa, ndipo pa anthu 17 a zaka zimenezo, ndikukutsimikizirani, alipo wina amene akubisanso zofanana ndi zanu. Ena adzadandaula kuti munawanamiza. Alekeni adandaule, kenako muwauze tsiku loti abwere.

Kumudziko ndiye musachedwe n'komwe. Pitani ndi a Zakeyo kwa matenanti onse, mutengenso bambo ngati tsikulo ali bwino, anthu awaone nkhope masana. Uzani abusa alengeze, uzani a pamsika ndi apolisi a m'dera. Kumenya munthu ndi mlandu, kumutchula mfiti ndi mlandunso, ndipo anthu azimve zimenezo ngakhale inu mwakhululuka. Sokerani kansalu kolembedwa dzina lawo ndi nambala yanu pa malaya aliwonse. Pageti ikani loko, luzi si mlonda. Ndipo poti manja awo akufunabe ntchito, apangireni kabedi ka mbande mkati mwa mpanda, azizula ndi kupatulira mmene angafunire. Mubwererenso nawo kuchipatala, mukafotokoze za kusochera kumeneku.

Ana anu aja muwauze kuti “mukudziwa ndinu” si thandizo. Mutu umodzi susenza denga. Wa ku Blantyre abwere Loweruka limenelo, adzaone yekha, ndipo agwirizane ndi m'bale wake za munthu wokuthandizani masana kuti inunso muzipuma. Mukagwa inu, bambo atsala ndi ndani?

Chenjezo langa ndi ili. Mtima udzakunyengererani kuti mudikire mpaka mutapeza mawu abwino, ndipo mudzadzidzimuka lili Lachisanu. Mukatero a Benjamin adzamva zoona ataima pakhomo panu, atagwedezeka ndi mafupa owawa kuchokera ku Balaka, opanda mpata wokwiya kapena wokhululuka. Mawu abwino kulibe, alipo ndi oona basi. Imbani lero, chifukwa munthu amene madokotala amubweza kunyumba sitipangana naye za sabata yamawa.

Aphungu