Buku lako lamatirira pa shelefu

Mlongo wanga wokondedwa,

Undikhululukire zilembo zokhotakhotazi ndi mawu amene ndalakwitsa. Ukudziwa kuti ine ndi cholembera tinasiyana kalekale.

Kaya uli bwanji kumeneko? Chifuwa chija chinatha? Usachite nacho chibwana, upite akakupime. Kuno alamu ako ndi ana ali bwino. Ine ndiye chakudya sichikulowa, ndipo chifukwa chake uchimva.

Pochoka unandisiyira makatoni anayi a mabuku, n'kunena kuti ndisawakhudze mpaka udzabwere. Ndinamvera chaka chathunthu. Koma mwezi wathawu ndinapeza khoswe ataboola katoni imodzi pakona. Ndinaganiza zokukhomera shelefu kuti udzapeze mabuku ako ali pabwino.

Ndinapita kwa akalipentala aja oika pensulo kukhutu. Anandionetsa bolodi la utuchi, koma nditafunsa za madzi anavomera kuti likanyowa limafufuma. Pulayiwudi ndinamukana poopa kuti adzapindika ndi kulemera. Ndinasankha matabwa a paini, n'kumawatembenuza limodzilimodzi kukana a mfundo zambiri, poti mfundo zimatulutsa utomoni wothimbiriritsa penti. Akalipentala anati chiyambire ntchito sanaonepo munthu wosankha thabwa ngati akufunsira mbeta.

Kusitolo, mayi wogulitsa anandilangiza kuti penti ya madzi ndi ya khoma, shelefu imafuna ya mafuta. Anati ndiyambe ndi yoyera yapansi, ndikweche ndi sandipepa, kenaka ndipake mtundu wanga mopyapyala kawiri, ndidikire milungu iwiri ndisanaikepo kanthu. Ndinatenga ya buluu, yofanana ndi yunifolomu imene ndinkakuchapira uli wamng'ono. Shelefuyo inakongola, mlongo wanga, anthu odutsa ankachita kusuzumira pawindo.

Tsono apa ndi pamene ndinalakwa. Poopa chiswe ndinapaka mokhuthala, katatu konse. Tsiku lachitatu ndinakhudza ndi chala, ndinamva youma. Alamu ako anati ndidikire, makoswe apirira chaka, milungu iwiri siwavuta. Ine ndinati khoswe sayang'ana kalendala. Ndinatulutsa mabuku onse. Poopanso kuti oimirira angagwe, ndinawagoneka milu isanu, akuluakulu pansi.

Loweruka lapitali ndinafuna kupukuta fumbi, ndiye ndinapeza mabuku asanu apansi atagwirana ndi thabwa. Pamwamba pokha ndi pamene penti inauma, mkati inali yaiwisi. Ndinakoka limodzi, lobiriwira la mapu lija, chikuto chinatsalira pa shelefu, ine buku m'manja.

Mlongo wanga, mwa anayi otsalawo muli lakuda lija unalemba wekha pomaliza maphunziro, la dzina lako m'zilembo za golide. Unandiuza kuti kwathu kuno ndi lokhalo, ndipo patsamba loyamba unathokoza ine chifukwa chosiya sukulu kuti iwe upitirize. Tsamba limenelo ndimatha kuliwerenga ndekha mopanda kufunsa munthu. Ndinaligoneka chafufumimba kuti golideyo asakandike ndi anzake, ndiye dzina lako ndi limene lili mu penti.

Akalipentala anabwera kudzaona. Akuti tilowetse ulusi wolimba kunsi pang'onopang'ono, koma sakulonjeza kuti zilembo zituluka. Anatinso zikakanika acheka thabwalo ndi sowo kuti uzidzawerenga buku lokhala ndi chitseko. Alamu ako anaseka mpaka misozi, ine ayi. Mayi wa kusitolo akuti palafini angafewetse penti, koma akalowa m'mapepala sachokanso.

Ndakhumudwitsa iwe amene unandikhulupirira. Undikalipire mmene ungafunire, koma undiyankhe msanga: tiyese ulusi, ticheke, kapena ndisiye mpaka udzabwere? Alamu ako andiletsa kulowa m'chipindacho, akuti ndikangoyang'ana shelefu manja amandiyabwa.

Undiperekere moni kwa alamu anga ndi kwa kamwana kathu ka mano awiri, ukatsine tsaya m'malo mwanga. Mulungu akusungeni nonse, akupatse mphamvu pa ntchito yako ndi mtima wofewa powerenga kalatayi.

Ndine mchimwene wako wamkulu.

Mabuku anayiwo adakali chimatirire, sindinawakhudze. Khoswe uja sindinamugwirebe.