Sikani ya mtima wa mwana yawaopsa amuna anga

Aphungu,

Ndili ndi pakati pa miyezi isanu, mwana wathu woyamba. Amuna anga, ba Kabaso, ndi kalipentala kuno ku Kalingalinga. Atamva kuti ndine woyembekezera anayamba kukhoma kabedi ka mwana ndisanawapemphe n'komwe, uku akuimba mpaka aneba kuseka.

Sabata yatha tinapita limodzi ku sikani. Anesi anayendetsa kachipangizo pamimba panga kwa nthawi yaitali, kenako anati, "Mtima ukugunda bwino, koma mitsempha ikuluikulu yochoka kumtimako sindikuiona bwinobwino. Mupite ku chipatala chachikulu akaunike mtima wokhawo."

Chichokereni kumeneko ba Kabaso sakuimbanso, kabedi kaja anakaphimba ndi saka. Nditawauza tsiku la sikani yachiwiri anati, "Uyende na mng'ono wako Chipo. Ine nikaona vinthu voipa pa TV ya sikani ija, nizagwa pansi." Mlongo wawo anamwalira ali wakhanda ndi vuto la mtima, ndipo ankamubereka kumbuyo ndi iwowo. Ndikuwamvetsa, koma nanenso ndili ndi mantha, ndipo dzanja lomwe ndikufuna kugwira ndi lawo. Ndiwakakamize?

N.K., Kalingalinga, Lusaka

Mwana wanga,

Musawakakamize. Bambo amene waphimba kabedi ndi saka sanathawe mwana wake, wangomukonda mpaka mantha kumugwira.

Khalani nawo pansi muwakumbutse mawu a anesi. Sananene kuti apeza matenda, anati sakuona bwino. Nthawi zina mwana amangogona mofulatira. Sikani ya mtimayo ndi yofanana ndi yoyamba ija, sipweteka inu kapena mwana, imangotenga nthawi yaitaliko. Ikapeza vuto, madokotala amakonzekeratu komwe mukachilire ndi thandizo lomwe mwana adzafune akangobadwa. Kudziwa msanga n'kumuteteza.

Auzeninso kuti mukuwafuna kumeneko. Dokotala ayenera kumva za mlongo wawo uja, ndipo woidziwa bwino nkhaniyo ndi iwo. Apempheni chaching'ono: akuperekezeni, akakhale pa benchi panja. Chipo alowe nanu. Mwina pofika pakhomo miyendo idzawalowetsa yokha.

Koma chenjerani, musaphonye tsikulo podikira kuti alimbe mtima, ndipo musamwe chilichonse chomwe aneba angakupatseni ati cholimbitsa mwana. Pempherani, inde, koma kuchipatala mupite. Akakana ndithu, pitani ndi Chipo, ndipo mukangotuluka muwaimbire foni iwo poyamba. Adzakhala ali nayo m'manja.

Aphungu