Shelefu Yanu Imodzi ndi Masamba a Kompyuta

Amayi, mwadzuka bwanji kumene muliko?

Kuno ku Katoto kukuzizira monga mwa masiku onse. Mpongozi wanu Esnati anabereka mwana wamkazi, ndipo tinamupatsa dzina lanu. Chimanga cha ku Mzilawaingwe tinakolola bwino, kungoti anankafumbwe atilowerera.

Kuntchito ndiye kunali mpungwepungwe. Kompyuta ya ku ofesi ija, imene munkaitcha wailesi yosayimba, inkangouma gwa pakati pa ntchito. Abwana anati ikapitiriza aitumiza ku Lilongwe, ine n'kupita nayo. Mukudziwa, boma likati samuka, sufunsa chifukwa. Ndinalira, Amayi. Manda anu akanalambula ndani?

Vuto linali mu kenelo, pulogalamu yomwe ndi mtima wa makinawo. Kompyuta imasunga zinthu m'masamba. Malo ake ogwirirapo ntchito ndi ochepa, choncho masamba ena amadikira pa disiki. Ikafuna tsamba lomwe palibe, imaima kaye n'kukalitenga. Pamenepo ndi pomwe amene ananditsogolera pantchitoyi anasokapo zigamba pa pulogalamuyo, aliyense njira yake, chigamba pamwamba pa chigamba, mpaka njira ina inkatulutsa tsamba lomwe inzake yangolowetsa kumene.

Ndinakumbukira golosale yanu ya ku Salisbury Lines, ya shelefu imodzi basi. Wogula akafuna chinthu chomwe palibe, munkati, "Yewo, dikirani pachoko." Munkaona ngati chilipo kuchipinda chosungiramo katundu, n'kuchotsa pashelefu chomwe chakhalitsa osafunsidwa, n'kuikapo chofunikacho. Kaya ndi sopo, machesi kapena mchere, kachitidwe kanali komweko. Ine ndikafuna kuchenjeretsa, munkandidzudzula kuti, "Njira zikachuluka chomene, munthu amasochera pakhomo pake."

Ndinafufuta zigamba zonse, ngakhale kuti zina anazilemba ndi abwana omwewo. Ndinasiya njira imodzi: ona ngati tsambalo ndi lololedwa, lipezere malo, litenge, pitiriza pomwe unaimira. Kuyambira pamenepo makinawo sanaumenso. Abwana sanayamike, komanso za ku Lilongwe sanazitchulenso.

Ndakusowani kwambiri, Amayi. Simunaikhudzepo kompyutayo, koma ndinu mwandisunga ku Mzuzu. Loweruka ndibwera ndi khasu, ndipo ine ndili moyo udzu sudzakukwirirani.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Yotamu